Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Msewu wochoka mu mzinda wa Lilongwe kuloŵera ku Mchinji ndi wodziŵika kwa omvera ambiri. Umadutsa m'dera la Mfumu Njewa, n'kupitirira pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete, mpaka kukafika m'malire a dziko lino ndi Zambia. Ndi msewu wa alimi. M'nyengo ya malonda mumadutsa magalimoto odzaza ndi mabelo a fodya ndi matumba a chimanga, mtedza ndi soya. Anthu okhala m'mbali mwake, pamodzi ndi abale awo a ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, akhala akudziŵika ndi khasu kuyambira kale. Koma m'chaka cha 2019 msewu womwewu udatchuka ndi mbiri ina yomvetsa chisoni, ndipo mbiri imeneyo ili ndi phunziro kwa munthu aliyense wofuna kudziŵa m'mene angasungire mutu wake pamene ndale zatentha m'dziko.

Chiyambi chake chidali chisankho cha pa 21 Meyi 2019. Patapita masiku 6, bungwe loyendetsa zisankho, limene wapampando wake adali Dr Jane Ansah, lidalengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi mavoti pafupifupi 39 pa mavoti 100 alionse, Dr Lazarus Chakwera apeza 35, ndipo malemu Dr Saulos Chilima apeza 20. Posakhalitsa zidamveka kuti mapepala ambiri olembapo zotsatira adafufutidwa ndi utoto woyera uja wotchedwa Tippex, ndipo ena adalibe saini ya anthu oyenera. Kuzambwe kwa Lilongwe nkhaniyi idapweteka kwambiri, pakuti a Chakwera ndi mwana wa kumeneko, ndipo kuyambira m'chaka cha 2014 adali phungu wa dera la kumpoto chakuzambwe kwa bomalo. Anthu ambiri kumeneko adaona ngati alandidwa chakudya pakamwa.

Madandaulo adayenda njira ziŵiri. A Chakwera ndi a Chilima adakasuma ku bwalo la milandu, pamene bungwe la Human Rights Defenders Coalition, lotsogoleredwa ndi a Timothy Mtambo, lidayamba kuitanitsa zionetsero m'mizinda kuyambira mwezi wa Juni. Pano m'pofunika kunena momveka kuti kuchita zionetsero si mlandu. Gawo 38 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana ndi anzake n'kuonetsa maganizo ake, malinga achite zimenezo mwamtendere ndiponso opanda zida. Anthu zikwizikwi adayenda motero, ndipo asilikali a nkhondo, amene mkulu wawo panthaŵiyo adali General Vincent Nundwe, ankayenda pambali pawo kuŵateteza. Komabe m'gulu simusoŵa anthu a mitima ina. Sitolo zina zidathyoledwa, nyumba zina zidatenthedwa, ndipo achinyamata a pa Msundwe adatchuka kotero kuti anthu adayamba kutchula malowo kuti Msundwe Barracks, ngati kuti ndi kampu ya asilikali.

Lachiŵiri pa 8 Okutobala 2019, a Mutharika, amene adali mtsogoleri wa dziko, adali ndi msonkhano mu mzinda wa Lilongwe. M'maŵa wa tsikulo anthu ena pa Msundwe adatseka msewu kuti magalimoto onyamula anthu opita ku msonkhanowo asadutse. Apolisi atabwera kudzatsekula msewu padabuka chipolowe, ndipo m'chipwirikiti chimenecho mkulu wina wa apolisi, a Usumani Imedi, adagendedwa ndi miyala mpaka kumwalira.

Kupha munthu ndi mlandu waukulu, ndipo malamulo ali nayo njira yake: kufufuza, kumanga oganiziridwa ndi kuŵatengera ku bwalo. Koma apolisi ena, mitima itadzaza ndi ukali chifukwa cha imfa ya mnzawo, adasankha kubwezera. Adaloŵa m'malo a malonda ndi m'midzi ya pa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu akuponya utsi wokhetsa misozi. Amuna ambiri adathaŵa, ndipo m'nyumba mudatsala amayi ndi ana. Mu Disembala chaka chomwecho, bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission lidatulutsa lipoti la kafukufuku wake, ndipo lidatsimikiza kuti apolisi ena adagwirira ndi kuchita zachipongwe amayi ndi atsikana a m'madera ameneŵa.

Munthu akalingalira mofatsa za masiku amenewo amapeza chinthu chimodzi choopsa. Amene adatola mwala ankati akuteteza voti yake, ndipo amene adathyola chitseko cha mwini ankati akulira mnzake. Onse aŵiri adali ndi chifukwa chimene m'maso mwawo chinkaoneka chomveka, koma onse aŵiri adalanga munthu wosayenera. A Imedi sadafufute pepala la zotsatira ndi limodzi lomwe. Amayi aja adapezedwa m'nyumba zawo. Umu ndi m'mene mkwiyo umagwirira ntchito. Sufunafuna wolakwa weniweni, umangogwera amene ali pafupi. Maso a munthu wokwiya amaleka kuona nkhope, amangoona yunifolomu, kapena mtundu wa chitenje, kapena dzina la mudzi, ndipo aliyense wokhala ndi chizindikirocho amasanduka mdani. Pomenyana njovu, adatero akuluakulu, umavutika ndi udzu.

Gulu la anthu limaonjezera nkhuni pa moto umenewu. Munthu ali yekha amayamba wadzifunsa asanatole mwala. Akakhala pakati pa anthu mazana, mtima ukugunda, anzake akukuwa, amamva ngati mlanduwo ugaŵidwa pakati pa onse ndipo iye atsala ndi kachidutswa chabe. Kumeneko ndi kudzinamiza. Tsiku la mlandu likafika, pa bwalo satchula dzina la gulu. Munthu amaima yekha, dzina lake n'kutchulidwa, mkazi wake ndi ana ake akuyang'ana, munda kumudzi ukumera udzu. Ndipo zimenezi zili chimodzimodzi kwa mnyamata wa pa msika ndi kwa wapolisi wovala yunifolomu ya boma.

Alipo anthu amene akamva mawu akuti kudekha amaganiza kuti akuuzidwa kukhala chete, kuŵerama ndi kulola kuponderezedwa. Amayi a pa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adaonetsa kuti maganizo amenewo ndi olakwika. Iwo ndiwo adali ndi chifukwa chachikulu chokwiyira kuposa wina aliyense. Adalinso ndi chifukwa chachikulu chokhalira chete, pakuti m'mudzi nkhani yotere imadzetsa manyazi ndi miseche, ndipo nthaŵi zina imagwedeza ngakhale banja. Komabe adafotokoza zimene zidaŵachitikira pamaso pa ofufuza, ndipo mothandizidwa ndi bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association adatengera nkhaniyo ku Bwalo Lalikulu la Milandu. Mu Ogasiti 2020, patapita miyezi 10, woweruza Kenyatta Nyirenda adagamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukutamisozi ndi boma. Ndalama sizingafafanize chimene chidachitika, koma choona chidalembedwa m'mabuku a bwalo, m'mene palibe angachifufute. Mlandu suola. Kupirira miyezi yonse ija, kubwereza nkhani yoŵaŵa pamaso pa alendo, kudafuna mtima wolimba kuposa kutola mwala.

Njira ya bwalo pa nkhani ya chisankho idafunanso kupirira kotero. Oweruza asanu, a Healey Potani, a Dingiswayo Madise, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo, adayamba kumva mlanduwo pa 8 Ogasiti 2019 ndipo adapitiriza mpaka mu Disembala. Zokambirana zinkaulutsidwa pa wailesi, zikumasuliridwa m'Chicheŵa, kotero kuti mlimi wothirira nazale ya fodya ndi mayi wogulitsa matimati pa msika ankamva okha mboni zikufunsidwa, pepala ndi pepala, nambala ndi nambala. Ambiri ankatopa, ena ankati zidzathera m'madzi. Mu Januwale 2020 zidamvekanso kuti mkulu wa oweruza onse, a Andrew Nyirenda, adakadandaula ku bungwe lothana ndi ziphuphu kuti panali anthu ofuna kuhonga oweruzawo.

Lolemba pa 3 Febuluwale 2020 oweruza adafika pa bwalo mu Lilongwe moperekezedwa ndi asilikali, atavala malaya osaloŵa zipolopolo. Chigamulo chawo chidali cha masamba pafupifupi 500, ndipo kuchiŵerenga kudatenga maola pafupifupi 10. Tsiku limenelo dziko lonse lidakhala pansi, khutu lili pa wailesi, kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa. Pomaliza, onse asanu adagwirizana kuti zolakwika zidachuluka kwambiri kotero kuti zotsatira zija sizikadakhulupirika. Adalamula kuti chisankho cha mtsogoleri wa dziko chichitikenso pasanathe masiku 150, ndiponso adamasulira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. A Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho sadakhutire, koma nawonso adatsata njira ya malamulo pokachita apilo, ndipo pa 8 Meyi bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chigamulocho. Chisankho chidachitika pa 23 Juni 2020, ndipo a Chakwera adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse. Mu Africa monse, bwalo limene lidathetsapo zotsatira za chisankho cha mtsogoleri Malaŵi asanatero lidali la ku Kenya, m'chaka cha 2017. Oweruza asanu aja adalandira mphotho ya Chatham House ya ku London ya chaka cha 2020.

Ena amanena kuti pakadapanda zionetsero, nkhani ya chisankho ikadazizira. Mawu ameneŵa ali ndi choona chake, pakuti anthu oyenda mwamtendere adakumbutsa olamulira kuti eni dziko ali maso. Koma oweruza sadaŵerenge miyala kapena matayala otenthedwa. Adaŵerenga mapepala. Chimene chidagwetsa zotsatira za 2019 ndi umboni, ndipo wina mwa umboniwo udachokera kwa oyang'anira mavoti amene adakhala m'makalasi a sukulu usiku wonse, tulo tili m'maso, n'kusunga mosamala kapepala kamene adapatsidwa. Munthu wotereyu dzina lake silidamveke pa wailesi, koma adachitira voti yake chinthu chachikulu kuposa amene adatseka msewu.

Malaŵi adaonapo kale zotere. Pa 14 Juni 1993 padachitika riferendamu, anthu akusankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi. Chigawo chapakati chidavotera kwambiri tambala, koma m'dziko lonse nyali idapambana ndi mavoti pafupifupi aŵiri pa atatu alionse. Chaka chotsatira, pa 17 Meyi 1994, kudachitika chisankho, ndipo ambiri ankaopa kuti mwazi ukhetsedwa. Koma Dr Hastings Kamuzu Banda, amene adalamulira dziko lino zaka 30, adalankhula pa wailesi zotsatira zonse zisanalengezedwe, navomereza kuti a Bakili Muluzi apambana. Mawu ochepa amenewo adaziziritsa mitima ya anthu ochuluka, makamaka m'chigawo chapakati momwe anali ndi omutsatira ambiri.

Patapita zaka 31 zofanana ndi zomwezi zidachitikanso. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, a Mutharika, omwe aja adagonja mu 2020, adapeza mavoti oposa theka. Pa 24 Seputembala, bungwe loyendetsa zisankho lisanalengeze zotsatira, a Chakwera adalankhula kwa mtundu wonse kuvomereza kugonja. Motero m'zaka 6 zokha mpando udachoka kwa mmodzi kupita kwa mnzake, n'kubwereranso, ndipo maulendo aŵiri onsewo idaunyamula ndi voti.  Koma a Imedi sadabwerere kwawo, ndipo mabala a amayi aja sadachoke ndi kusintha kwa boma. Ndale zimazungulira ngati nyengo, koma madzi akatayika saoleka.

Nanga munthu wamba, wa ku Nambuma kapena ku Nsanje, wa ku Namitete kapena ku Chitipa, angachite chiyani kuti mutu wake ukhalebe m'malo pamene dziko likugwedezeka?

Choyamba ndi kusamala ndi mphekesera. Kandimverere adakanena za m'maluŵa. Moto wambiri wa ndale umayamba ndi mawu akuti "akuti". Kale mphekesera inkayenda pa njinga, koma masiku ano imayenda pa foni ya m'manja, ndipo uthenga umodzi wa pa WhatsApp ukhoza kufika m'maboma onse nsima isanapse. Chithunzi cha chaka china, kapena cha dziko lina, chimatumizidwa ngati cha dzulo pa msika wa kwanuko. Kuopsa kwake kudaoneka m'chaka cha 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, kumene mphekesera ya anamapopa idaphetsa anthu osalakwa popanda munthu ndi mmodzi yemwe kuonetsa umboni. Munthu wanzeru asanatumize uthenga kwa wina amafunsa kuti waona ndi maso ake ndani, zachitika liti ndiponso kuti, ndipo amene akufalitsayo apindula chiyani anthu akakwiya. Uthenga umene ukukakamiza munthu kuchita kanthu nthaŵi yomweyo, osayamba wafunsa, ndiwo woyenera kukayikiridwa koposa.

Chachiŵiri ndi kudzipatsa nthaŵi. Mkwiyo uli ngati madzi a mtsinje wosefukira, umene munthu wodziŵa amaudikira pa gombe kuti uphwe. Makolo poweruza milandu ankadziŵa zimenezi. N'chifukwa chake mlandu sunkakambidwa pa malo a ndeu. Ankaitana mbali zonse tsiku lina, pansi pa mtengo, aliyense n'kulankhula mnzake akumvetsera, nduna zikufunsa mafunso, mfumu n'kulankhula pomaliza. Wopita ku zionetsero ayenera kudziŵa asananyamuke chimene akupitira ndiponso pamene adzalekezere. Akaona miyala yayamba kutoledwa, kapena anthu akuloŵera ku sitolo ya mwini, kubwerera kwawo si mantha. Achinyamata achenjerenso ndi munthu wobwera ndi galimoto, moŵa ndi kandalama kochepa kuti akasokoneze msonkhano wa ena. Munthu ameneyo ana ake amakhala ali ku sukulu, ndipo tsiku lokaona akaidi ku ndende ya Maula sapezeka.

Chachitatu ndi kusunga umboni ndi kudziŵa makomo ogogoda. Wolakwiridwa alembe tsiku, nthaŵi, malo ndi maina a mboni, ndipo wovulazidwa apite msanga ku chipatala kuti akalandire thandizo ndi kalata. Makomo alipo: mfumu ya m'mudzi, bungwe loona za ufulu wachibadwidwe, ofesi ya Ombudsman, bungwe la Legal Aid Bureau lothandiza osoŵa ndalama zolipira loya, ndi mabwalo a milandu. Njira zimenezi zimachedwa, ndipo nthaŵi zina zimakhumudwitsa. Koma amayi 18 aja adadzera momwemo, ndipo chisankho cha dziko lonse chidathetsedwa kudzera momwemo.

Chachinayi ndi kuteteza zinthu za m'mudzi kuti chipani chisaloŵemo. Maliro akagwa, adzukulu pokumba manda safunsa kuti malemu ankavala chitenje cha mtundu wanji. Pa mjigo, pa chigayo, m'tchalitchi ndi mu mzikiti, anthu amakumana ngati anansi. Mnansi amene adavotera kwina ndi yemweyo adzabwereketsa ngolo yotutira chimanga, ndipo ndi yemweyo adzathamanga ndi chidebe cha madzi chigafa chikayaka. Atsogoleri a ndale amabwera pa nyengo ya kampeni n'kupita, koma anansi amatsala khomo ndi khomo. Mudzi umene walola kugaŵanika pa maliro chifukwa cha voti wadzivulaza wokha, ndipo bala lake limatenga zaka kuti lipole. Ntchito ya m'munda nayonso ndi mankhwala a mtima, pakuti mvula sidikira kuti mkangano wa ndale uyambe watha. Amene adataya Okutobala pa msewu adapezedwa ndi mvula yoyamba mizere isanalimidwe.

Chomaliza chikukhudza a maudindo. Amene wapatsidwa mphamvu zambiri ali ndi ngongole yaikulu ya kudekha. Wapolisi amanyamula mfuti m'dzina la anthu onse, ndipo adaphunzitsidwa kuti adzigwire pamene ena alephera. Mfumu ndi kholo la mudzi wonse, ndipo ikavala chitenje cha chipani chimodzi imasiya ana ena amasiye. Mtsogoleri wa ndale adziŵe kuti liwu limene walitaya moseŵera pa nsanja limakasanduka mwala m'manja mwa mnyamata. Mlaliki, mphunzitsi ndi muulutsi wa pa wailesi nawonso ali ndi anthu oŵamvera, ndipo akhoza kuthira madzi kapena mafuta. Zaka za 1994 ndi 2025 zidaonetsa kuti mawu ochepa a munthu mmodzi wogonja, olankhulidwa pa nthaŵi yake, amatha kutonthoza dziko lonse.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wopupuluma akaigwedeza nkhono, imabwerera m'chigoba, ndipo iye amapita akunena kuti nkhono ilibe maso. Amene wakhala pansi n'kuiyang'ana mosatopa amaiona ikutulutsa mutu pang'onopang'ono, mpaka timaso take tionekere. Chilungamo chimene anthu a pa msewu wa ku Mchinji ankachifuna m'chaka cha 2019 chidatulukira motero. Adachiona ndi oyang'anira mavoti amene adasunga mapepala awo, oweruza amene adaŵerenga tsamba lililonse, ndi amayi amene adapirira mpaka tsiku la chigamulo. Zisankho zidzabweranso, ndipo mitima idzatenthanso. Pa tsiku limenelo, omvera adzachite bwino kukumbukira zimene zidachitika pa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, n'kuyamba afunsa asanatole mwala.